Nkhomaliro ya Lamulungu ku pub ya kumudzi ku England: mwambo wooneka wakale umene unabadwa dzana

Mmalawi amene wakhalako ku England miyezi ingapo, kaya ali pasukulu kaya pa ntchito yosamalira okalamba, tsiku lina amaitanidwa ndi mnzake wa kumeneko kuti Lamulungu likubwerali akadyere limodzi ku pub. Ambiri amayamba adodoma kaye. Kwathu munthu wopemphera salowera ku bala potuluka m'tchalitchi, ndiye atengenso ana ndi agogo awo? Koma akafika amapeza nyumba yakale ya miyala m'mbali mwa kamsewu, moto wa nkhuni ukuthetheka pakona, galu ali lambaa pansi pa tebulo, agogo aakazi akudulira mdzukulu wawo nyama. Pakhoma pali bolodi lakuda lolembedwa ndi choko: ng'ombe ya ku famu yakutiyakuti, masamba a m'dimba la kuseri. Denga n'lotsika moti munthu wamtali amawerama pa mtanda uliwonse. Zonse zimaoneka ngati zakhala chomwecho kuyambira makolo.

Nyumbayo ikhozadi kukhala ya zaka 500. Koma zimene zikuchitika mkatimo, banja lonse kudya nkhomaliro ku pub mpaka dzuwa kupendeka, zinakhazikika cha m'ma 1990 mommuno. Pali zinthu zitatu zimene zinakumana, chilichonse chitayenda njira yakeyake: nyama ya Lamulungu, imene inali ya pakhomo, pub ya kumudzi, imene inali ya mowa, ndi chakudya cha m'dera chotsata nyengo, chimene anthu a ku Britain anachitaya kenaka n'kudzachitolanso. Chinazikumanitsa ndi mavuto, pamene ma pub a kumidzi ankafa ndipo eni ake ankafunafuna potulukira.

Mbale yake

Amaitchula kuti Sunday roast. Pakati pa mbale pamakhala nyama yowotchedwa mu uvuni ili yathunthu, kenaka n'kuidula mopyapyala: ya ng'ombe, ya nkhosa, ya nkhumba kapena nkhuku. Iliyonse ili ndi choyenda nacho. Ya ng'ombe amadyera horseradish, muzu woyera umene kuwawa kwake kumalasa m'mphuno. Ya nkhosa amathira timasamba ta mint tosinjidwira mu viniga. Ya nkhumba imabwera ndi phala la maapozi ndi chikopa chake chowotchedwa mpaka chizikukutika. Pambali pali mbatatesi, karoti, kabichi, kolifulawa wothira tchizi, ndipo pamwamba pa zonse amakhuthulirapo msuzi wakuda wokhathamira.

Chimene chimadabwitsa mlendo ndi Yorkshire pudding, chinthu chotukumuka ngati chisoti chimene chimakhala pamwamba pa nyama. Sichotsekemera. Ndi ufa wa tirigu, mazira, mkaka ndi mchere basi. Dzina lake likupezeka kale m'buku la zophikaphika la Hannah Glasse la mu 1747. Nthawi imeneyo nyama ankaiwotcha pa chitsulo chozungulira patsogolo pa moto, ndipo pansi pake ankaikapo chiwaya cha ufa wosakanizawo kuti mafuta odontha asapite pachabe. M'mabanja osauka a ku Yorkshire ankayamba kugawa chimenechi ndi msuzi nyama isanabwere, kuti mimba zikhale zitadzaza kale ndipo kanyama kochepako kakwanire onse. Mayi aliyense amene anagawapo ndiwo zochepa kwa ana ambiri nzeru imeneyi akuidziwa.

Kukhitchini ya pub yabwino, Lamulungu limayamba Lachinayi kapena Lachisanu. Mafupa amawawotcha mpaka kuderako, n'kuwawiritsa pang'onopang'ono usiku wonse ndi anyezi ndi karoti, kenaka madziwo amawaphwetsa mpaka atsale ochepa okoma. Umenewo ndiwo msuzi, ndipo ndi pa msuzi pamene munthu amadziwira ngati khitchini ikuphikadi kapena ikungosungunula ufa wa m'paketi. Ufa wa pudding amausakaniza Loweruka kuti ugone. Mbatatesi, zimene kawirikawiri zimakhala za mtundu wa Maris Piper kapena King Edward, amaziwiritsa pang'ono, n'kuzikhutchumula mumphika kuti m'mbali mwake munyenyeke, kenaka n'kuziponya m'mafuta a ng'ombe kapena a tsekwe amene atentha kale. Nyama ya ng'ombe imakhala itapachikidwa m'chipinda chozizira milungu itatu kapena inayi kuti ifewe, ndipo amaichotsa mu uvuni pakati pake pakadali pofiirira. Ambiri a ife kufiirako kumatibweza m'mbuyo poyamba, ndipo palibe cholakwa kupempha chidutswa cha kumapeto chimene chapsa bwino. Pudding ndiye salola masewera: mafuta ayenera kufika pofuka utsi, uvuni ukhale pa madigiri 220 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo wina akangotsegula chitseko nthawi isanakwane, zonse zimaphwa n'kukhala ngati chikumba.

Chifukwa cha zonsezi, nyama ya Lamulungu siphikidwa munthu ataitanitsa kale. Wophika amawerengeratu anthu amene abukitsa, n'kuphika yokwanira amenewo. Wofika 4 koloko akhoza kuuzidwa kuti ya ng'ombe yatha, ndipo yathadi.

Chinali chakudya cha pakhomo

Kwa zaka mazana, mabanja ambiri a ku Britain ankadya nyama yeniyeni kamodzi pa mlungu, tsiku lopuma. Amene analibe uvuni ankasiya nyama yawo kwa wophika buledi popita kutchalitchi, chifukwa uvuni wake Lamulungu unkangokhala, n'kudzaitenga pobwerera itapsa. Yotsala inkadyedwa yozizira Lolemba, tsiku lochapa, pamene mayi analibe mpata woyang'ana mphika. Ina ankaigaya n'kuphika ndi mbatatesi Lachiwiri. Nthuli imodzi inkayendetsa banja theka la mlungu. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse boma linayamba kugawa nyama mopimira mu 1940, ndipo kupimako kunatha mu Julayi 1954. M'badwo umene unakula nthawi imeneyo unkaona nyama ya Lamulungu ngati chizindikiro chakuti pakhomo zinthu zili bwino.

Pub inali dziko lina. Dzinali ndi chidule cha public house, kutanthauza nyumba ya munthu imene yatsegulidwira aliyense kuti amwemo. Mu 1393 mfumu Richard II inalamula kuti aliyense wogulitsa mowa apachike chikwangwani panja, n'chifukwa chake mpaka lero pub iliyonse ili ndi chithunzi cholendewera: mkango wofiira, korona, nyenyezi, pulawo. Zina zinali nyumba za alendo za m'misewu ikuluikulu kumene ngolo zinkasinthira akavalo, mpaka sitima za pamtunda zinazilanda malonda cha m'ma 1840. Za kumidzi zinali za anyamata a pa famu, omwa ataweruka kumunda, nsapato zili matope okhaokha. Chakudya chinali chongotsitsira mowa: buledi, tchizi, anyezi wa mu viniga.

Malamulo nawo ankatchinga. Kuyambira 1908 mwana wosakwana zaka 14 sankaloledwa m'chipinda chomwera. Pa nkhondo yoyamba boma linadula maola omwera kuti ogwira ntchito m'mafakitale a zida asaledzere, ndipo kutseka kwa masana kumeneko kunakhalapo zaka zoposa 70. Lamulungu masana pub inkatsegula 12 koloko n'kutseka 2 koloko. Ndiye chimene chinkachitika n'chakuti bambo ankapita kukamwa maola awiriwo, mayi ali kukhitchini, ndipo belu lotsekera likalira onse ankabwerera kwawo kukadya. Ku Wales zinali zolimba kuposa apa: lamulo la 1881 linatseka ma pub onse tsiku Lamulungu, ndipo dera lomaliza, Dwyfor, linadzatsegula mu 1996.

Ku England nthawi ya Lamulungu inawonjezedwa kufika 3 koloko mu 1988. Mu 1994 masitolo akuluakulu analoledwa kugulitsa maola asanu ndi limodzi tsikuli, ndipo mu 1995 ma pub analoledwa kutsegula tsiku lonse, chaka chomwecho pamene anayamba kupatsidwa ziphaso zolola ana kulowa ndi makolo awo. Opita kutchalitchi anali atachepa, amayi ambiri anali pa ntchito zolembedwa ndipo sankafunanso kuthera tsiku lawo lopuma pa uvuni. Apa m'pamene nyama ya Lamulungu inasamukira ku pub.

Mmene ma pub a kumidzi anafookera

Mathirakitala ndiwo anayamba. Famu imene inkalemba anthu makumi awiri inadzakhala ya bambo ndi mwana wake, ndipo omwa a tsiku ndi tsiku anapita m'matauni. Nyumba zawo zinagulidwa ndi anthu ogwira ntchito kutali, ongobwera kudzagona, kapena olemera obwera pa tchuthi pokha. Mu 1967 nduna ya zamtengatenga Barbara Castle inabweretsa kachipangizo kouzira kopimira mowa kwa oyendetsa galimoto. Lamuloli linapulumutsa miyoyo yambiri, ndipo palibe wanzeru amene angalitsutse, koma pub imene ili kutali ndi basi kapena sitima inataya anthu amene ankabwera pa galimoto kudzamwa usiku wonse.

Kenaka kunabwera nkhani ya umwini, imene ndi yovutirapo kuimvetsa. Pofika m'ma 1980 ma pub ambiri anali m'manja mwa makampani asanu ndi limodzi ofulula mowa, ndipo woyendetsa pub ankakakamizidwa kugulitsa mowa wa kampani yake yokha. Mu 1989 boma linalamula kuti kampani yofulula mowa imene ili ndi ma pub opitirira 2,000 imasule theka la opitirirawo. Cholinga chinali chakuti pakhale mpikisano. Chimene chinachitika n'chakuti ma pub masauzande anagulitsidwa kwa makampani atsopano osafulula mowa, monga Punch Taverns ndi Enterprise Inns, amene anagula ndi ngongole zikuluzikulu ndipo ankabweza ngongolezo kudzera mu lendi ndi mowa wokwera mtengo umene woyendetsa pub ankayenera kugula kwa iwo okha. Lamulo loteteza oyendetsawo linadzabwera mochedwa, mu 2016. Pa 1 Julayi 2007 kusuta m'nyumba zofikamo anthu kunaletsedwa ku England. Chaka chotsatira chuma cha dziko chinagwa, ndipo kuyambira 2008 mpaka 2013 msonkho wa mowa unkakwera chaka chilichonse kuposa kukwera kwa mitengo ya zinthu zina, pamene m'masitolo mowa wa m'zitini unali wotchipa. Mu Malichi 2020 mliri wa Covid unatseka onse. Mu 2000 dziko la United Kingdom linali ndi ma pub opitirira 60,000. Lero atsala pafupifupi 45,000.

Chopweteka kwambiri n'chakuti pub ya kumudzi, yokhala ndi bwalo lalikulu ndi malo oimikapo magalimoto, imagulidwa ndalama zambiri ikasanduka nyumba yogona kuposa ikakhala pub. Mwini wina amangoisiya kuti ionongeke, n'kukauza khonsolo kuti malonda akanika. Ndiye chifukwa chake kuyambira 2017 ku England munthu sangagwetse pub kapena kuisandutsa chinthu china popanda chilolezo. Pub ya Carlton Tavern ku London itagwetsedwa popanda chilolezo mu 2015, khonsolo ya Westminster inalamula kuti imangidwenso monga inalili, ndipo inatsegulidwanso mu 2021. Crooked House, pub yopendekeka ya ku Himley imene inkadziwika dziko lonse, itapsa mu Ogasiti 2023 n'kugwetsedwa patangopita masiku awiri, anthu anakwiya ngati awagwetsera tchalitchi.

Lamulo lomwe lija la 1989 linatsegulanso khomo lina. Ma pub otayidwa anatsika mtengo, ndipo ophika achinyamata amene sakanatha kutsegula lesitilanti anawatenga. Mu 1991 David Eyre ndi Michael Belben anatenga The Eagle ku Farringdon Road mu London, n'kuyamba kuphika chakudya chapamwamba kuseri kwa kauntala, mitengo yake italembedwa ndi choko pa bolodi. Dzina lakuti gastropub linafala kuchokera pamenepo, ndipo posakhalitsa nzeruyi inafika kumidzi.

Nyenyezi ya ku Harome

Mudzi wa Harome uli pafupi ndi tauni ya Helmsley ku North Yorkshire. Pakati pake pali The Star Inn, nyumba yofolera ndi udzu imene akuti inamangidwa m'zaka za m'ma 1300. Mu 1996 wophika wina wachinyamata wa kufupi ndi Whitby, Andrew Pern, anaigula pamodzi ndi mkazi wake wa nthawi imeneyo, Jacquie, nyumbayo ili yofooka. Anaikonza, n'kuyamba kuphika zimene dera limenelo limatulutsa: mbalame za m'tchire la North York Moors, nsomba ndi nkhanu za ku gombe la Whitby, masamba a m'dimba la pub yomweyo. Mu 2002 anapatsidwa nyenyezi ya Michelin, ulemu umene kampani ya matayala ya ku France imapereka kwa malo odyera abwino kwambiri. Nthawi imeneyo ma pub okhala ndi nyenyezi yotere anali owerengeka ndi zala. Tom Kerridge ndi The Hand and Flowers ya ku Marlow, imene anatsegula mu 2005, ndiye anadzakhala woyamba kufikitsa pub pa nyenyezi ziwiri.

Usiku wina mu Novembala 2021 denga la The Star linagwira moto. Aliyense amene anaonapo nyumba ya udzu ikupsa akudziwa kuti moto umayenda mkati mwa udzuwo madzi asakuufika. Ozimitsa moto analimbana nawo usiku wonse. Panatenga chaka chathunthu kuti nyumbayo itsegulidwenso, mu Novembala 2022.

Kukonza nyumba yotere si kungopaka laimu. Zambiri mwa nyumbazi zili m'kaundula wa boma wa nyumba zotetezedwa, ndipo mwini sangasinthe zenera, chitseko kapena khoma popanda chilolezo cha khonsolo. Kutero ndi mlandu. Makoma akale anamangidwa ndi dothi la laimu limene limatulutsa chinyezi, ndipo womanga wosadziwa akamata simenti, madzi amatsekeredwa mkati, miyala n'kuyamba kufumbutuka ndi mitanda kuwola. Ofolera udzu aluso atsala ochepa ndipo amadikiritsa miyezi. Bango lambiri lofolera nalo limachokera kunja, ku Turkey, kum'mawa kwa Ulaya, ngakhale ku China. Inshuwalansi ya denga la udzu ndi yokwera. Ndiyeno m'nyumba imene inamangidwa kulibe magetsi muyenera kulowa khitchini yamakono, mafuliji, mapaipi otulutsa utsi, zimbudzi zoti wa pa njinga ya olumala alowemo, zonsezo osawononga maonekedwe. Ndalama zoterezi mowa wokha sungazibweze, ndipo pafupifupi pub iliyonse ya kumudzi imene yakonzedwa bwino imadalira khitchini.

Za m'dera, za nyengo yake

Kale kudya za m'dera sikunali kusankha, kunalibe zina. Koma Britain anayamba msanga kudya za kutali. Mu 1882 sitima yotchedwa Dunedin inafikitsa ku London nyama ya nkhosa yowumitsidwa ndi chisanu kuchokera ku New Zealand, ndipo kuyambira pamenepo mbale ya Lamulungu inkatha kuchokera mbali ina ya dziko lapansi. Lero dzikoli limadzilimira pafupifupi 60 peresenti ya chakudya chake. Masamba ndi theka lokha kapena kupitirirako pang'ono, zipatso n'zosafika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. M'sitolo zitheba za ku Kenya zimapezeka chaka chonse.

Chimene chinabweza anthu m'mbuyo ndi mantha. Mu 1996 boma linavomereza kuti matenda a misala ya ng'ombe akhoza kupatsira anthu, ndipo kuyambira Disembala 1997 mpaka kumapeto kwa 1999 kugulitsa nyama ya ng'ombe ili pa fupa kunali koletsedwa. Taganizani, nthiti ya ng'ombe, imene ndi mfumu ya tebulo la Lamulungu, inasanduka chinthu choletsedwa. Mu 2001 matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anachititsa kuti ziweto zoposa 6 miliyoni ziphedwe, milu ya mitembo ikuwotchedwa m'minda, njira za oyenda pansi zitatsekedwa, ma pub a kumidzi ali mbee opanda mlendo. Mu 2013 kunapezeka nyama ya kavalo m'zakudya zogulitsidwa ngati za ng'ombe. Zitatero, dzina la famu pa bolodi linasanduka chinthu chogulitsa chakudya, chifukwa wodya ankafuna kudziwa kuti nyamayi inadya msipu wa kuti ndipo anaiweta ndani.

Amene anafika nazo patali ndi Stephen Harris wa The Sportsman ku Seasalter, m'mphepete mwa nyanja ku Kent. Anatenga pub imeneyi mu 1999 ili yosiyidwa, iye asanaphunzirepo zophika kusukulu iliyonse. Atadziwa kuti m'zaka zakale dera limenelo ndilo linkadyetsa khitchini za tchalitchi chachikulu cha Canterbury, anaganiza zophika zimene akuziona ali pakhomo pake: nkhosa zodya msipu wa m'dambo la mchere, nkhono za ku Whitstable, ndere za m'nyanja. Mchere amachita kutunga madzi a m'nyanja n'kuwaphwetsa, batala amapanga yekha. Nyenyezi yake inabwera mu 2008.

Kutsata nyengo kumeneko kuli ndi kalendala yake, ndipo wophika woona amaidziwa ngati mmene mlimi amadziwira mvula. Kuyambira Januwale mpaka Malichi kumabwera rhubarb, mapesi ofiira owawasa amene amalimidwa m'mashedi a mdima pakati pa Wakefield, Morley ndi Rothwell, ndipo amathyoledwa ndi kuwala kwa kandulo kuti asabiriwire. Ikatha imeneyo pamabwera nyengo imene alimi a kumeneko amaitchula hungry gap, mpata wa njala, pamene zosungidwa za chaka chatha zatha koma zatsopano sizinakhwime, monga mmene Febuluwale amakhalira kwathu nkhokwe zitapepuka chimanga chili chiwisi m'munda. Kwa iwo ndi cha mu Epulo ndi Meyi, ndipo wophika amathamangira adyo wa m'tchire ndi masamba oyamba kuphuka. Asparagus, timphukira tanthete todyedwa ngati ndiwo, ali ndi milungu isanu ndi itatu yokha, mwamwambo kuyambira pa 23 Epulo mpaka pa 21 Juni. Pa 12 Ogasiti lamulo limatsegula kusaka grouse, mbalame ya m'mapiri yofanana ndi nkhwali. Kusaka pheasant, mbalame ina ya m'tchire, kumayamba pa 1 Okutobala mpaka pa 1 Febuluwale. Miyezi yozizira ndi ya mizu, kabichi, maapozi a Bramley ndi nyama ya gwape.

Nkhosa ili ndi nkhani yake. Anthu amafuna mwana wa nkhosa pa Pasaka, pamene ana a nkhosa ambiri a ku Britain amakhala akungobadwa kumene. Yodyedwa pa Pasaka imakhala yobadwira m'khola mu Disembala kapena Januwale n'kudyetsedwa zogula, kapena ya ku New Zealand. Yokoma, imene yadya udzu wa kuphiri, imapezeka kuyambira Julayi kupita m'tsogolo. Pub imene imalemba nkhosa ya chaka chimodzi kapena yaikulu pa bolodi m'mwezi wa Epulo ndimaikhulupirira kuposa imene ikulonjeza kamwana ka m'dera.

Pakuti apa pali pobisalira. Mawu akuti "za m'dera" alibe mtunda woikidwa ndi lamulo. Misika ya alimi imakonda kunena mamailosi 30, koma pub ikhoza kugula kwa wogulitsa nyama wa m'tauni yapafupi amene nayenso anaitenga kutali. Kunama poyera kuti nyama ndi ya famu yakuti ndi mlandu, koma mawu osamveka bwino sagwidwa. Ndiponso ng'ombe imodzi ili ndi nthiti zowerengeka. Pub yodyetsa anthu 150 Lamulungu lililonse singapeze nthiti zokhazokha ku famu imodzi yaing'ono. Amene amagula ng'ombe yathunthu amayenera kugulitsanso mchira, tsaya, chiwindi ndi nyama yogaya mkati mwa mlungu, ndipo zimenezi zikamaoneka pa menyu ndi umboni wabwino kuposa mawu okoma. Malo ophera ziweto ang'onoang'ono nawo akutsekedwa chaka ndi chaka, moti ng'ombe ya kuseri kwa pub ikhoza kuyenda ulendo wautali pa lole isanabwerere pa mbale. Tsabola, shuga, khofi ndi tiyi sizidzakhala za m'dera. Tiyi amene amatsirizira nkhomaliroyo akhoza kukhala ndi masamba a ku Thyolo kapena ku Mulanje.

Tsiku limodzi losenza mlungu

Mbale ya nyama ya Lamulungu ku pub yotere imagulidwa kawirikawiri pakati pa £15 ndi £25, ndipo kumalo otchuka imaposa apo. Munthu akasintha ndalamazo m'makwacha mutu umazungulira. Koma pa mbale ya £24, £4 ndi ya boma, chifukwa chakudya chodyera pamalo chimalipira VAT ya 20 peresenti, pamene nyama ndi masamba zogula m'sitolo sizilipira. Mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anafika £12.21 pa ola, ndipo msonkho umene wolemba ntchito amalipirira wantchito wake unakwera kuchoka pa 13.8 kufika pa 15 peresenti. Onjezani magetsi, gasi, nkhuni, lendi, ndi vuto lopeza wophika wovomera kukhala kumudzi kopanda basi. Ma pub ambiri a kumidzi satsegula n'komwe Lolemba ndi Lachiwiri. Lamulungu ndilo limalipira mlungu wonse, n'chifukwa chake tebulo limodzi limakhalidwa kawiri kapena katatu, wobukitsa amauzidwa kuti ali ndi maola awiri, ndipo ena amafuna chikole chifukwa cha anthu obukitsa osabwera.

Walira mvula walira matope. Chakudya chinapulumutsa nyumba zambiri, koma m'malo ena chinatulutsa eni mudzi. Ndinakhalapo m'pub ina yokonzedwa mokongola kwambiri, tebulo lililonse lili ndi kapepala kosonyeza kuti labukitsidwa, mipando ya pa kauntala itachotsedwa kuti operekera zakudya azidutsa. Kunalowa bambo wina wachikulire wovala jombo, chipewa chili m'manja. Anagula mowa wake, n'kuyang'ana uku ndi uku, ndipo posowa pokhala anakamwera panja pa benchi, mphepo ya Novembala ikuwomba. Palibe amene anamuthamangitsa kapena kumulankhula mwano. Chakudya changa chinali chokoma, koma chinandiima pakhosi, chifukwa zinkaonekeratu kuti bamboyo anayamba kumwera m'nyumba imeneyo ife tonse odyamo tisanaidziwe.

Njira ina ilipo. Mu 2001 mfumu Charles, pamene anali akadali kalonga, anayambitsa bungwe la Pub is The Hub lolimbikitsa ma pub a kumidzi kusunga sitolo, positi ofesi kapena laibulale. Mu 2003 anthu opitirira 100 a ku Hesket Newmarket ku Cumbria anasonkha ndalama n'kugula The Old Crown kuti isagwe m'manja mwa kampani. Lamulo la 2011 linapatsa midzi mphamvu yolembetsa pub ngati chuma cha mudzi, ndipo linati ikaikidwa pamsika mudzi uzipatsidwa miyezi isanu ndi umodzi yosonkha ndalama. Mutu umodzi susenza denga, makamaka denga lokwera mtengo ngati limeneli. Eni masheya oterewa, kaya munthu anaika zambiri kaya zochepa, amakhala ndi voti imodzi aliyense, ndipo amalemba woyendetsa amene amavomera kuti pakhale malo a womwa chabe.

Ku Hudswell, kamudzi ka pamwamba pa chigwa cha mtsinje wa Swale pafupi ndi Richmond, George and Dragon inali pub yokhayo ndipo inatsekedwa mu 2008. Anthu a m'mudzimo anagulitsana masheya, anaigula, anaikonza ndi manja awo, n'kuitsegulanso mu 2010. Bungwe la CAMRA, limene lakhala likumenyera mowa wa makolo ndi ma pub kuyambira 1971, linaisankha kukhala pub yopambana m'dziko lonse ya chaka cha 2016. Ilibe nyenyezi ya Michelin. Ili ndi kasitolo koyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, mashelefu a mabuku obwereka, ndi timadimba kuseri kumene anthu a m'mudzi amalimamo masamba awo. Lamulungu alendo amabwera kudzadya n'kukhala panja kuyang'ana chigwa, ndipo mkati mwa mlungu eni mudzi amalowa pakhomo lomwelo kudzagula mkaka ndi mazira.